Munda wa Ganyu Sugonetsa Mwini

Malemu agogo anga aakazi sadapite kusukulu, koma pankhani yolemba waganyu adali mphunzitsi. Nyengo yopalira ikakwana, ankatenga waganyu n'kumuyendetsa m'munda, kumuonetsa poyambira ndi pothera, kenako n'kugwirizana naye za ndime ndi malipiro. Akatero sankapita kukagona. Dzuwa likafika pamutu ankatulukira ndi chipanda cha thobwa ngati abwera kudzangopereka moni, koma maso ali pamizere. Akapeza kuti waganyu akungokwirira udzu ndi dothi m'malo mouzula, ankamubweza pomwepo, mzere usadatalike. Malipiro ankapereka ndime ikatha. Ndipo khasu likakhala lawo, madzulo linkagona kwawo.

Ine mdzukulu wawo ndidapita kusukulu, mapepala ndili nawo, ndipo ndatumikira boma zaka zoposa 20. Koma tsiku lina ndidasayina chikalata chovomereza kuti ntchito yopanga pulogalamu ya kompyuta yatha bwino, chikhalirecho ndisadaone mzere ndi umodzi womwe. Ndikulemba nkhaniyi ndi manyazi a tsiku limenelo, komanso ndi mkwiyo, chifukwa ndikuona anzanga akusayinabe zikalata zangati zomwezo.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyamba pomwe kuti amene safuna kuimva atseke bukuli msanga. Ofesi ikalemba kampani kuti iipangire pulogalamu ya kompyuta, imakhala yabwereka manja okha. Udindo wodziwa chimene chikufunika, woyang'anira chimene chikupangidwa, woyesa chimene chapangidwa, ndi wosunga makiyi ake, umatsalabe kwa mwini ntchito. Ife a m'boma, a m'mabungwe ndi a m'makampani ambiri timachita ngati udindowu timaupereka limodzi ndi cheke. Zinthu zikavuta timaloza kontirakitala, kontirakitala amaloza kontirakiti, ndipo kontirakitiyo tikaiwerenga timapeza dzina lathu pansi pake.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Nthambi ina imene ndidagwirako ntchito idapeza thandizo la ndalama kuti kaundula wake, amene adali m'mabuku akuluakulu ndi m'mafayilo odyedwa ndi chiswe, alowe mu kompyuta. Ganizoli lidali labwino. Munthu ankayenda tsiku lathunthu kuchokera kumudzi, kudzangouzidwa kuti fayilo yake sikuoneka, abwerenso Lachinayi. Tidaitanitsa tenda, kampani ina idapambana, ndipo ine ndidaikidwa mu komiti yoyang'anira ntchitoyo pachifukwa chokhacho chakuti ndinkatayipa mofulumira kuposa anzanga.

Zimene pulogalamuyo idayenera kumachita tidakazilembera kunyanja. Tidakhalako masiku atatu, mabwana okhaokha ndi ife owanyamulira zikwama, chambo masana, alawansi madzulo. Mayi amene adakhala pa kauntala zaka zambiri, amene ankadziwa vuto lililonse limene munthu amabwera nalo, adatsala ku ofesi chifukwa giredi yawo sinkawalola kukhala pa msonkhano wa akuluakulu. Akatswiri a kampani ija adatifunsa mafunso m'Chingelezi chozama, ife tidagwedeza mitu, iwo adalemba. Palibe adafuna kuoneka mbuli pamaso pa mnzake. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma kwa ife manyazi adali athu, ofera kuuna adali ena.

Padapita miyezi yambiri tikungolandira malipoti okongola. Kenako kampani idatiitana kuti tikaone. Chionetserocho chidachitikira mu hotela ya mu mzinda, magetsi ali ngwee, intaneti ikuthamanga. Mnyamata wovala tayi adalowetsa dzina la munthu wopeka, adadina batani, satifiketi n'kutuluka. Tidaomba m'manja. Chaka cha boma chinkatha, opereka thandizo ankafuna lipoti, akuluakulu ankafuna tsiku lodula riboni. Chikalata chidazungulira tebulo, chidafika pa ine, ndidasayina.

Sabata yoyamba pulogalamuyo itafika ku maofesi a m'maboma, nyerere za mu mkuyu zidatuluka. Inkakana kupitirira ngati sudalembe nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pomwe anthu athu amadziwika ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Inkafuna tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa, pomwe agogo ambiri amangodziwa kuti adabadwa nthawi ya njala ya 1949. Makalaliki adayamba kulembera aliyense 1 Januwale kuti mzere uyende. Dzina lokhala ndi kachizindikiro ka pamwamba, monga Ng'oma, linkaizunguza mutu mpaka kuima. Magetsi akathima pakati pa ntchito, zonse zimene walemba zinkapita ndi mdima.

Titadandaula, kampani idatsegula kontirakiti n'kutionetsa kuti idapanga ndendende zimene tidalemba kunyanja. Sinkanama. Kusintha kulikonse kudali ntchito yatsopano ya mtengo watsopano. Chaka chokonza mwaulere chitatha, tidazindikiranso kuti mawu achinsinsi otsegulira seva adali ndi iwo, malemba enieni a pulogalamuyo, amene amisiri amawatcha source code, adali awo, ndipo laisensi inkafuna kulipiridwa chaka ndi chaka m'madola, ndalama zimene mu bajeti mwathu mudalibe. Mayi aja a pa kauntala adakatenga mabuku awo akale kumene tidawaunjika, adawapukuta fumbi, n'kuyambiranso kulemba ndi bolopeni. Sadanene kanthu. Kusanena kwawoko ndimakumvabe mpaka lero.

Wina anganene kuti uwu ndi umphawi wathu, kapena umbuli wa dziko lotsalira. Ayi ndithu. Matendawa sasankha dziko, ndipo tikatsata moyo wa pulogalamu kuyambira pobadwa mpaka pokalamba, tipeza kuti pa sitepe iliyonse pali dziko lolemera limene lidapunthwa pomwe tidapunthwa ifepo.

Sitepe yoyamba ndi kufunsa: kodi tikufuna chiyani, ndipo adzachigwiritsa ntchito ndani? M'chaka cha 2002 boma la Britain lidayamba ntchito yaikulu yoika zolembedwa za odwala a ku England mu makompyuta olumikizana. Makontirakiti adasayinidwa mwaliwiro ku likulu, ndi makampani akuluakulu, madokotala ndi anamwino a m'zipatala asadafunsidwe mokwanira. M'chaka cha 2011 boma lidalengeza kuti likuiphwasula ntchitoyo, ndipo mtengo wake wonse udayerekezedwa kuti udali pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Amenewa ndi anthu a mayunivesite akale ndi magetsi osathima. Chidawagwetsa ndi chomwe chidatigwetsa ife kunyanja: adatuma ena kukawamvera, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa. Katswiri wa kampani, ngakhale atakhala wanzeru chotani, sadziwa mmene ofesi yanu imagwirira ntchito Lolemba m'mawa mzere utafika panja. Amadziwa ndi kalaliki, mesenjala ndi mayi wa pa kauntala. Kulemba zofunika za pulogalamu anthu amenewa kulibe n'kumanga nyumba yopanda khomo, monga adachitira ndidziwa kale.

Sitepe yachiwiri ndi kontirakiti. Pano tili ndi chinyengo chimene timadzinyenga tokha. Timaganiza kuti tikatsata malamulo a kagulidwe, ndiye kuti tagula bwino. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma mu 2003, lina lidabwera mu 2017, ndipo malamulo otere ngofunika potchinga katangale. Koma lamulo limakuuza njira yogulira, silikuuza chogula. Tsono pulogalamu timaigula ngati madesiki. Desiki ukhoza kuliona, kuligwedeza, kuliwerenga, n'kusayina kuti lafika. Pulogalamu poigula imakhala isadabadwe, ndipo ikabadwa imafuna kudyetsedwa moyo wake wonse. Amene wapereka mtengo wotsika kwambiri pa tenda nthawi zambiri amadziwa kuti phindu adzalipeza kutsogolo, pa zosinthasintha ndi pa malaisensi, ife titakodwa kale. Ndaonapo makontirakiti a masamba mazanamazana, olongosola ngakhale mtundu wa pepala la lipoti, koma osanena kuti source code idzakhala ya yani, zolembedwa za anthu athu zidzasungidwa kuti, ndi kuti tsiku lolekana ndi kampaniyo tidzatuluka ndi chiyani m'manja. Ukwati uliwonse wa mtundu uwu umatha. Ankhoswe anzeru amakambiratu za katundu ukwati usadayambe kuvuta.

Palinso kalipiridwe. Timalipira pa mapepala: gawo lina posayina, gawo lina akabweretsa lipoti loyamba, gawo lina akabweretsa pulani. Pofika tsiku loona pulogalamu yeniyeni, ndalama zambiri zapita kale, ndipo mphamvu zathu zapita nazo. Agogo anga akadamva kuti munthu walipira waganyu chifukwa chofotokoza bwino mmene adzapalirire, akadaseka mpaka kugwetsa misozi.

Sitepe yachitatu ndi kumanga, ndipo apa ndi pamene timagona tulo tofa nato. Komiti imakumana kamodzi pa miyezi itatu, kumwa tiyi, kumvetsera lipoti lonena kuti ntchito yafika pa 80 peresenti, n'kubalalika. Miyezi itatu ina ikatha, yafika pa 85 peresenti. Palibe amafunsa kuti maperesenti amenewa akuyezedwa ndi muyezo wanji. Komatu amisiri a mapulogalamu okha adazindikira kalekale kuti kumanga chinthu chachikulu mobisa kwa chaka chathunthu, n'kudzachivundukula pamapeto, ndi njira ya kumanda. Mu Febuluwale 2001 amisiri 17 adakumana ku Utah, m'dziko la America, n'kugwirizana mfundo za kagwiridwe kamene lero kamatchedwa Agile. Mtima wa mfundozo ngosavuta: panga kachigawo kakang'ono kogwira ntchito, kaonetse kwa mwini, iye akayese, ukonze, kenako upitirire. Ndi ulendo uja wa agogo ndi chipanda cha thobwa, kungoti wavala suti. Koma njirayi imafuna mwini amene amabweradi kumunda. Kampani zambiri zimalemba mawu akuti Agile mu tenda, ife n'kusangalala, osadziwa kuti mawuwo akutipatsa ntchito ifeyo: kupereka munthu wathu wodziwa ntchito ya ofesi, wokhala ndi mphamvu yonena kuti inde kapena ayi, woti azikhala ndi amisiriwo sabata ndi sabata. Ife timapereka komiti ya anthu 15, ndipo pa anthu 15 palibe mwini.

Kusowa kwa mwini kumaonekera kwambiri makontirakitala akachuluka. Pa 1 Okutobala 2013 boma la America lidatsegula HealthCare.gov, njira ya pa intaneti yoti anthu azigulira inshuwalansi ya zaumoyo. Ntchitoyo idagawidwa kwa makampani ambirimbiri, aliyense kumanga chigawo chake, ndipo kuyesa zigawo zonse pamodzi kudachitika m'masabata omaliza okha. Tsiku loyamba, m'dziko la anthu oposa 300 miliyoni, anthu 6 okha ndiwo adatha kulembetsa. Kampani iliyonse ikadatha kuloza ndime yake n'kunena kuti ine ndidapalira. Amene adasowa ndi woyenda m'munda monse kuona ngati mizere ikukumana.

Ntchito ikachedwa, mankhwala athu amakhala awiri: kuwonjezera anthu, kapena kudula nthawi yoyesera. Oyambawo adawatsutsa kale Fred Brooks, amene adatsogolera ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku kampani ya IBM, m'buku lake la 1975 lotchedwa The Mythical Man-Month. Iye adaonetsa kuti kuthira anthu atsopano pa ntchito yochedwa kumaichedwetsa kwambiri, chifukwa akale amasiya ntchito n'kumaphunzitsa atsopanowo. Nsima siipsa msanga chifukwa choti ogwira mthiko achuluka. Mankhwala achiwiriwo ndiwo akupha, ndipo akutifikitsa pa sitepe yachinayi, imene ndi kuyesa.

M'chaka cha 2007 boma la chigawo cha Queensland ku Australia lidalemba IBM kuti ipange pulogalamu yolipirira ogwira ntchito za umoyo. Mtengo woyamba udali madola a ku Australia pafupifupi 6 miliyoni. Poyesa padapezeka zolakwika zambiri. Zina mwa zolakwika zikuluzikulu adangozitsitsa giredi papepala kuti zioneke zazing'ono, tsiku lotsegulira lisasunthenso. Pulogalamuyo idayamba mu Malichi 2010. Anamwino ndi anzawo zikwizikwi adalandira malipiro olakwika, ena osalandira n'komwe. Kukonza ndi kuyendetsa pulogalamuyo kudayerekezedwa kuti kudzadya madola 1.2 biliyoni. Bungwe lofufuza la mu 2013 lidadzudzula kampaniyo, koma lidadzudzulanso akuluakulu a boma amene adavomereza kutsegula chinthu chimene ankadziwa kuti n'chodwala. Boma litasumira kampaniyo, mlandu udagwa, chifukwa bomalo lidali litasayina kale pangano loimasula. Nditawerenga nkhaniyi ndidadziona ndekha mu hotela muja, bolopeni ili m'manja. Siginecha ndi kanthu kakang'ono, koma madzi akatayika saoleka.

Tsono ndinene mosapsatira: chionetsero si mayeso. Pachionetsero kampani ndiyo imasankha njira, ndipo imasankha yosalala. Mayeso enieni amachitikira ku ofesi ya kutali kwambiri, pa kompyuta yakale kwambiri, netiweki ikubwera n'kumapita, ndi mafayilo enieni a anthu enieni, ndipo wodina mabatani amakhala kalaliki wathu. Amayesa dala zinthu zovuta: munthu wa maina awiri, munthu wosadziwa tsiku lobadwa, anthu 500 kulowa nthawi imodzi, magetsi kuthima cheke chili pakati. Akalephera mayeso amenewa, riboni idikire. Riboni siiola.

Sitepe yachisanu ndi imene timaiiwala kotheratu, pomwe ndiyo yaitali kuposa zonse: moyo wa pulogalamu riboni itadulidwa. Apa sindifunika kupita kutali, zitsanzo zili pakhomo. M'chaka cha 2005 boma lathu lidayamba kugwiritsa ntchito IFMIS yogulidwa kunja, potengera chitsanzo cha ku Tanzania, kuti ndalama za boma ziziyenda moonekera. Mu Sepitembala 2013 nkhani ya Cashgate idaphulika. Owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti malipiro abodza ankalowetsedwa mu makinawo, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Lipoti lawo loyamba, la mu 2014, lidatchula ndalama zoposa K13 biliyoni pa miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndipo lipoti lotsatira lidakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo la bajeti, ndipo ululu wake adaumva ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu. Pulogalamu sidabe ndalama, adaba ndi anthu. Koma pulogalamu ili ngati nkhokwe: womanga akatha ntchito yake amapita, ndipo kuona amene ali ndi kiyi, kusintha loko wantchito akachoka, ndi kuwerenga mapazi a amene adalowa usiku, ndi ntchito ya mwini nkhokwe tsiku ndi tsiku.

Chitsanzo china n'chaposachedwa. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera idaima kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chomwecho Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa makompyuta adalowerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Makinawo adaikidwa ndi kampani imene kontirakiti yake boma lidaithetsa mu Disembala 2021. Za gwero lenileni la vutolo anthu adakangana kwambiri. Ine funso langa ndi lina. Kuchokera tsiku lothetsa kontirakiti kufika tsiku limene makina adaima padapita zaka ziwiri. Dziko limene lalekana ndi womanga nyumba yake liyenera, pa zaka ziwiri, kukhala litagwira makiyi onse, litasunga kope la zolembedwa zake pamalo ena otetezeka, ndipo litaphunzitsa ana ake kuyendetsa makinawo. Amene adalipira kuchedwako ndi wophunzira amene adapeza malo ku yunivesite ya kunja, wodwala wofuna chithandizo ku India, ndi mayi wa geni wodalira ulendo wa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam.

Koma choopsa kuposa zonsezi n'chakuti mwini wosadziwa makina ake amayamba kuwakhulupirira kuposa anthu ake. Mu 1999 bungwe la Post Office ku Britain lidayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani imene tsopano ndi Fujitsu. Pulogalamuyo inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'mapositi ofesi ang'onoang'ono pomwe sizidasowe. Oyendetsa maofesiwo akadandaula, ankauzidwa kuti makina salakwa. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 adaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sadabe, ena adalowa m'ndende, mmodzi ali woyembekezera. Padatengera gulu la anthu 555, motsogozedwa ndi Alan Bates, kuti mu 2019 khoti lalikulu ligamule kuti pulogalamuyo idali ndi zolakwika, komanso kuti antchito a kampaniyo ankatha kulowa ndi kusintha maakaunti a maofesiwo ali kutali, chinthu chimene Post Office idakhala ikukana. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko idachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza zigamulozo. Anzanga a m'maofesi, tikamauza munthu pa kauntala kuti “sisitimu ikukana, palibe chimene ndingachite”, tikumbukire nkhaniyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa zimene anzanga andiyankhe, chifukwa ndidaziyankhapo ndekha podzitonthoza. Choyamba adzati, tilibe akatswiri, n'chifukwa chake timalemba akunja. Zoona, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine sindikunena kuti boma lizidzipangira pulogalamu iliyonse. Koma ngakhale wometedwa amayenera kudziwa mmene akufuna kumetedwera, ndi kugwira kalilole. Maiko amene adapsa aja sadasiye kulemba makampani. Chimene adachita ndi kulemba akatswiri ochepa m'kati mwa boma momwemo, oti azitha kuyang'ana kontirakitala m'maso: Britain idakhazikitsa Government Digital Service mu 2011, America idakhazikitsa United States Digital Service mu 2014. Ndipo si zoona kuti kwathu kuno mitu kulibe. Chaka ndi chaka achinyamata amatsiriza maphunziro a makompyuta ku UNIMA, ku MUBAS, ku MUST ndi ku Mzuni. Mu 2001, pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, padayamba ntchito yolemba odwala pa makompyuta odina ndi chala, imene idakula n'kukhala bungwe la Baobab Health. Mapulogalamu ake ankalembedwa ndi achinyamata a kuno, oyenda m'mawodi momwemo, ndipo makina ake ankayendera mabatire chifukwa opanga ake ankadziwa magetsi athu. Vuto n'lakuti mnyamata wotere akalowa m'boma timamupatsa giredi yotsika, ntchito yake n'kukhala kukonza pulinta ya bwana ndi kulumikiza pulojekita pa msonkhano. Posankha pulogalamu ya mabiliyoni safunsidwa. Akatopa n'kupita ku banki, timati tilibe akatswiri.

Chachiwiri adzati, opereka thandizo ndiwo amaika nthawi, ndalama zikapanda kugwiritsidwa ntchito zimabwerera. Izinso nzoona. Koma kodi chabwino n'chiti, kubweza ndalama kapena kulandira ngongole ya malaisensi ya zaka 10 pa chinthu chosagwira ntchito? Pulojekiti imatha pa zaka zitatu, opereka thandizo amakwera ndege, ndipo mwana amatsala ndi ife. Amene adzalere mwana ali ndi ufulu wolankhula mwanayo asadabadwe. Tikhoza kufunsa, mwachitsanzo, ngati palibe pulogalamu ya malemba otseguka kwa aliyense, yonga DHIS2 imene idachokera ku yunivesite ya Oslo ndipo maunduna a zaumoyo a maiko ambiri, kuphatikizapo lathu, adaitenga. Pulogalamu yotere nayo imafuna ndalama ndi luso, koma ukalekana ndi mmisiri mmodzi ukhoza kuitana wina.

Chachitatu, chimene sichinenedwa mokweza, n'chakuti chisokonezochi ena chimawadyetsa. Pamene palibe wodziwa mtengo weniweni wa chinthu, m'pamene kachigawo ka bwana kamabisala bwino. Simenti ukhoza kuwerenga matumba, koma ndani angawerenge matumba a pulogalamu? Umbuli wa mwini ndi mdima umene fisi amaukonda, ndipo n'chifukwa chake ena safuna kuti kuche.

Tsono ndikupempha zinthu zochepa, zosafuna ndalama za kunja. Ntchito iliyonse yotere ikhale ndi mwini mmodzi wodziwika ndi dzina, wosasamutsidwa pakati pa ulendo, amene adzayankhe ikalephera. Zofunika zilembedwe pa kauntala, pamodzi ndi ogwira ntchitoyo, osati kunyanja. Ntchito igawidwe m'ndime zing'onozing'ono, ndipo ndalama zizituluka ndime ikaoneka ikugwira ntchito m'manja mwa kalaliki wathu. Kontirakiti inene poyera kuti zolembedwa za anthu ndi zathu, kuti source code kapena kope lake lidzakhala m'manja mwathu, kuti mawu achinsinsi onse adzaperekedwa, ndi kuti polekana kampani idzathandiza kusamutsa katundu. Bajeti yosamalira pulogalamu kwa zaka zingapo ivomerezedwe tsiku lomwelo lovomereza yoipangira. Achinyamata athu akhale pambali pa amisiri a kampani kuyambira tsiku loyamba, osati kupatsidwa maphunziro a masiku awiri kumapeto ndi satifiketi yopachika pakhoma. Ndipo wosayina chikalata cholandirira ntchito akhale woti wayesa ndi manja ake.

Kwa anzanga olemba ndi owerenga, musati nkhaniyi ndi ya anthu a makompyuta. Penshoni ya bambo anu, chiphaso cha mwana wanu, malipiro a mphunzitsi, dzina lanu pa kaundula wa mavoti, zonsezi tsopano zimadutsa mu mapulogalamu amene wina adalemba ganyu. Tili ndi ufulu wofunsa kuti adapanga ndani, adayesa ndani, ndipo makiyi ali ndi yani.

Chaka chatha chikalata china chonga chija chidafika pa desiki langa. Ndidapempha galimoto yopita ku ofesi ya kutali, ndidakhala pambali pa kalaliki tsiku lonse, ndipo ndidabwerako ndi zolakwika zodzaza masamba awiri. Ndidachibweza chikalatacho chosasayina. Ena adandiyang'ana ngati ndalodza mwambo wodula riboni, ndipo moni wa m'mawa udachepa kwa masabata angapo. Sindikudzitama, chifukwa ngongole yanga kwa mayi aja a pa kauntala sindidaitsirize. Ndangoyamba mochedwa kuchita zimene agogo anga ankachita opanda satifiketi: kunyamula chipanda, kupita kumunda dzuwa lili pamutu, n'kufukula mzere kuti ndione ngati udzu wazulidwadi.